Kukonzekera kukathamangitsa galimoto pa bwalo kwa nthawi yoyamba

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Zomba amene anagula Toyota 86 ya 2013 kuchokera ku Japan. Alamu awo, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, awaitana kuti akayendetse galimotoyo pa bwalo la mpikisano wa magalimoto la Zwartkops, pafupi ndi Pretoria, pa tsiku limene bwalo limatsegulidwa kwa anthu wamba obwera ndi magalimoto awoawo, limene kumeneko amalitcha track day. Bamboyu akufunsa kuti asinthe chiyani mu injini kuti galimoto ikakhale ndi mphamvu zokwanira, ndiponso ngati kuli kwanzeru kumayeserera m'mamawa pa msewu wokwera ku Ku Chawe, poti uli ndi makona ambiri.

Bambo, injini muisiye momwe iliri. Toyota 86 inatuluka mu 2012 ndi injini ya malita 2.0 yopereka mphamvu pafupifupi 200 horsepower, imakankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndipo ndi yopepuka, makilogalamu pafupifupi 1,250. Kwa munthu amene sanayendepo pa bwalo, mphamvu imeneyi ndi yochuluka kale kuposa imene angathe kuigwiritsa ntchito pa tsiku loyamba. Chimene chimabweza anthu kunyumba dzuwa likadali pamutu si kuchepa kwa mphamvu ayi, koma mabuleki amene atentha n'kusiya kugwira, matayala okalamba, ndi woyendetsa amene watopa koma sakufuna kuvomera. Ndalama imene munaisungira injiniyo ipite ku zinthu zimenezi.

Za msewu wa ku Ku Chawe ndikukupemphani mozichepetsa kuti muzichotse m'maganizo. Inu mukuudziwa bwino msewu umenewu: pamatsika amayi osenza nkhuni, abambo okankha njinga zodzaza mitengo, ana ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu, malole onyamula matabwa, ndipo m'mamawa momwe mukunenamo ndi pamene nkhungu imakhala isanachoke. Pa bwalo aliyense amalowera mbali imodzi, kunja kwa kona kuli malo otambalala kapena miyala yoti igwire galimoto yosempha, ndipo pali anthu oimika magalimoto onse ngati china chalakwika. Pa phiri kunja kwa kona kuli phompho kapena munthu woyenda pansi. Kuwonjezera apo, zimene mungaphunzire pa msewu wa onse n'zosiyana ndi zimene bwalo limafuna, chifukwa pa msewu muyenera kukhala kumanzere kwanu nthawi zonse pamene pa bwalo mumagwiritsa ntchito m'lifupi monse. Ngati mukufuna kuti phirilo likuphunzitseni kanthu, tsikani pa liwiro la masiku onse muli mu giya yotsika, manja onse awiri ali pa chiwongolero, maso akuyang'ana kumene kona ikuthera m'malo moyang'ana patsogolo pa boneti. Chizolowezi cha maso chimenecho ndicho chidzakuthandizeni ku Zwartkops.

Tiyeni tikhalitse pa mabuleki, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Galimoto ikamaima, mphamvu ya kuthamanga kwake imasanduka kutentha m'madisiki ndi m'mapadi, ndipo kutenthako sikukwera molingana ndi liwiro, kumakwera mowirikiza. Kuimitsa galimoto yochokera pa makilomita 160 pa ola kumatulutsa kutentha kowirikiza kanayi poyerekeza ndi kuimitsa yochokera pa makilomita 80. Pa msewu wa M3 wopita ku Blantyre mwina mumaponda mabuleki mwamphamvu kamodzi pa ulendo wonse, kenaka amazizira kwa mphindi zambiri. Bwalo la Zwartkops ndi lotalika makilomita 2.4 okha, kotero mudzakhala mukuponda mwamphamvu kangapo pa mphindi ziwiri zilizonse, mobwerezabwereza kwa mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri, ndipo madisiki amatha kupitirira madigiri 400. Fungo limene mumalimva lole ya matabwa ikafika m'tauni kuchokera pa phiri ndi la kutentha komweku.

Kutenthako kumadutsa m'mapadi n'kufika ku mafuta a mabuleki, amene amakaniki amangowatchula kuti brake fluid. Mafuta amenewa ali ndi khalidwe loyamwa chinyontho cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo ku Zomba, kumene mvula imagwa yambiri ndipo nkhungu siichedwa, chinyontho sichisowa. Mwa muyezo, mafuta amene pa botolo lake palembedwa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi malire ake amatsika kufika pa 140. A DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsikira pa 155, pamene a DOT 5.1 amayambira pa 260 n'kutsikira pa 180. Mafuta akawira amatulutsa nthunzi m'mapaipi, ndipo nthunzi imapanikizika pamene madzi sapanikizika, kotero mukaponda chopondera chimangomira mpaka pansi galimoto ili chithamangire. Pa galimoto ya 2013 yogulidwa kwa munthu amene simunamuonepo, palibe angakuuzeni kuti mafutawa anasinthidwa liti. Achotsedwe onse, osati kungowonjezera pamwamba, ndipo alowemo a DOT 4 abwino kapena a DOT 5.1 ochokera m'botolo limene latsegulidwa inu mukuona. Chenjerani ndi olembedwa DOT 5 opanda .1 kumapeto, chifukwa amenewo ndi a mtundu wina wa silicone, sasakanizika ndi enawo ndipo sayenera galimoto ngati yanuyi yokhala ndi ABS, makina oletsa matayala kumangika mukaponda mabuleki mwamphamvu.

Mapadi akhale ndi nyama yoposa theka la imene amakhala nayo ali atsopano, chifukwa padi yopyapyala imalowetsa kutentha msanga ku mafuta aja ndiponso imatha mofulumira ikatentha. Ine ndikanakonda kuti muike atsopano a kampani yodziwika, ndipo ena a kutsogolo munyamule osungira. Mapadi otsika mtengo opanda dzina amatha kukhala bwino m'tauni, koma pa bwalo amasiya kugwira akatentha ngakhale chopondera chikadali cholimba, ndipo ena amanyenyeka. Mukaika atsopano musapite nawo pa bwalo osawazoloweza madisiki: yendani nawo masiku angapo, ndipo pa malo owongoka opanda anthu pondani mwamphamvu ndithu maulendo angapo kuchokera pa liwiro lololedwa osaimiratu, kenaka yendani kuti azizire. Makaniki ayang'anenso madisiki ngati ali ndi ming'alu kapena apyapyala kupitirira muyezo wolembedwa m'mphepete mwake, ndiponso mapaipi a labala ofika ku matayala ngati ayamba kusweka.

Pa matayala pali msampha umene umagwira ambiri ogula magalimoto ku Japan. Ena amabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu, olembedwa kuti studless, amene labala wake ndi wofewa ndipo ali ndi timizere tambirimbiri ting'onoting'ono. Amaoneka ngati atsopano chifukwa mapanga ake ndi akuya, koma pa phula lotentha amatepatepa, amatalikitsa mtunda woimira, ndipo ambiri amakhala ndi chilembo Q, kutanthauza kuti malire ake ndi makilomita 160 pa ola. Yang'anani chilembo chimene chili kumapeto kwa manambala a kukula kwa tayala: H ndi 210, V ndi 240, W ndi 270. Yang'ananinso manambala anayi osonyeza nthawi imene tayala linapangidwa, awiri oyamba ndi sabata ndipo awiri omaliza ndi chaka, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi labala wake amakhala atauma ngakhale mapanga alipo. Limene lili ndi chotupa m'mbali chifukwa chogunda dzenje, kapena linamatidwa pafupi ndi m'mphepete, lisapite pa bwalo. Simukufunika matayala a mpikisano. Matayala anayi abwino a msewu, a mtundu umodzi, ndiwo oyenera wophunzira, chifukwa amayamba kulira ndi kutsetsereka pang'onopang'ono asanataye phula, ndipo kulirako kumakuuzani kuti mwafika pa malire.

Mpweya wa m'matayala umakwera akatentha, ndipo pa bwalo umakwera kwambiri kuposa pa msewu. Yambani ndi muyezo wolembedwa pa chitseko cha dalaivala, yendani gawo loyamba (tsikulo limagawidwa m'magawo a mphindi zingapo zoyenda pa bwalo), ndipo mukangotuluka yezani matayala akadali otentha. Ngati mpweya wakwera kwambiri chotsani pang'ono kuti ubwerere pafupi ndi muyezo uja, ndipo funsani mlangizi wa pa bwalo kuti pa galimoto ya mtundu wanu anthu amaima pati. Mukhale ndi geji yanuyanu. Manati a matayala amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa 120 Nm kwa Toyota 86, ndipo aziyezedwa matayala atazizira. Kudumphira pa sipanala ndi phazi, monga timaonera m'malo omatira matayala, kumatambasula maboti mpaka tsiku lina amaduka.

Za injini n'zochepa. Oyilo akhale watsopano, wa muyezo umene wopanga galimoto analamula, ndipo afike pa mzere wa pamwamba koma osapitirira, chifukwa pa kona yaitali oyilo amathawira mbali imodzi ndipo ngati ndi wochepa pampu imayamwa mpweya. Nyamulani lita imodzi ndipo muziyeza pakati pa magawo. Radiyeta itsukidwe fumbi ndi udzu, mapaipi ake asakhale ofewa kapena otupa, ndipo paliponse pamene pakudontha pakonzedwe, chifukwa oyang'anira bwalo amabweza galimoto yodontha. Madontho anu ndi amene angagwetse mnzanu wobwera kumbuyo. Batire imangidwe ndi chitsulo chake, osati ndi chingwe. Mashoka, mabushi ndi mabering'i a m'matayala, amene misewu yathu imawadya msanga, ayesedwe galimoto ili m'mwamba. Fufuzaninso m'buti ngati muli kachitsulo kokokera galimoto kamene kamapotokoleredwa kutsogolo, poti magalimoto ena amafika kuno kalibe, ndipo ndi kamene adzakokere galimoto yanu ngati yatitimira m'miyala.

Mukafika kumeneko mudzamva ngati galimoto yafooka pang'ono, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa. Tauni ya Zomba ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 900, pamene dera la Pretoria ndi Johannesburg lili pamwamba pa mamita 1,300, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera. Thirani petulo wa 95, osati wa 93, chifukwa injini imeneyi inapangidwira petulo wa octane yokwera. Petulo amatha mofulumira kwambiri pa bwalo, choncho lowani ndi thanki yodzaza ndipo musailole kutsika kwambiri. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi chotchinga liwiro pa makilomita 180 pa ola, ndipo pa bwalo lalifupi chotere palibe chifukwa choti wophunzira achichotse.

Ulendo weniweniwo ndi gawo la kukonzekera. Kuchokera ku Zomba kudzera ku Blantyre, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka ku Pretoria ndi makilomita pafupifupi 1,700, ndipo galimoto yotsika ngati imeneyi ikumana ndi maenje ndi zitunda zambiri m'njira. Fikani kudakali masiku awiri kapena atatu kuti mupumule, ndiponso kuti garaja ya kumeneko ionenso marimu, matayala ndi alayimenti, chifukwa dzenje limodzi ndi lokwana kusokoneza zonse zimene munakonza kuno. Mapepala a umwini wa galimoto, COF, laisensi, chilolezo cha apolisi chotulutsira galimoto kunja ndi zilolezo zolowetsera galimoto kwa kanthawi pa malire aliwonse, zikonzedwe msanga. Funsani kampani yanu ya inshuwalansi, ndipo ikuyankheni molemba, ngati imateteza galimoto ikakhala pa bwalo la mpikisano. Inshuwalansi zambiri za pa msewu zimakana zimenezi poyera, ndipo pa chipata cha bwalo mudzasainira chikalata chovomera kuti mukulowa mwa kufuna kwanu. Tanthauzo lake n'lakuti mukagunda khoma, kapena wina akakugundani, kukonza ndi kwanu, ndipo galimoto yosweka ili kutali ndi kwanu kudutsa mayiko awiri. Pa chifukwa chimenechi, ngati galimotoyi ndi yokhayo imene banja limadalira, ganizirani mofatsa njira ina: mabwalo a ku Gauteng, chigawo chimene muli Pretoria ndi Johannesburg, amakhala ndi maphunziro oyendetsa amene amapereka galimoto yawo pamodzi ndi mlangizi, ndipo mukhoza kuyamba ndi amenewo, yanuyo n'kudzapita ulendo wotsatira. Dziwaninso kuti ku Harare kuli bwalo la Donnybrook, limene lili pafupi kwambiri ndi kwathu kuno kuposa Zwartkops.

Helimeti ndi yofunika, ndipo isakhale ya mtundu wopepuka uja wogulitsidwa pa msika kwa a kabaza. Ikhale ndi chizindikiro cha muyezo wodziwika monga ECE 22.05, ECE 22.06 kapena Snell, ikugwireni bwino masaya osagwedera mukapukusa mutu, ndipo isakhale yoti inagwapo mwamphamvu. Okonza tsikulo amalemba malamulo awo a zovala, koma kawirikawiri amafuna thalauza lalitali, malaya a thonje ndi nsapato zotseka za pansi popyapyala kuti phazi lizimva chopondera. Chotsani chilichonse chosamangidwa m'galimoto, makapeti a pansi, mabotolo, jeke ndi zonse za m'buti, chifukwa botolo la madzi likagubudukira pansi pa chopondera mabuleki mulibe nthawi yolichotsa. Mpando muukokere pafupi kuposa momwe munazolowerera, kuti mwendo ukhale wopindika pang'ono mutaponda kilachi kapena buleki mpaka pansi, ndipo mkono utatambasulidwa mfundo ya dzanja ifike pamwamba pa chiwongolero mapewa osachoka pa mpando.

M'mamawa kumakhala msonkhano wa oyendetsa, ndipo muumvetsere ngakhale alamu anu atakufotokozerani kale zonse. Kumeneko ndi kumene amanena malo ololedwa kupitirira mnzanu, mbali yopitirira, ndi mmene mungalowere ndi kutuluka pa bwalo. Mbendera muziloweze musananyamuke ku Zomba. Yobiriwira ikutanthauza kuti njira ili bwino. Yachikasu ikutanthauza ngozi patsogolo, chepetsani liwiro ndipo musapitirire wina aliyense. Yofiira ikutanthauza kuti gawolo laimitsidwa, ndipo muchite zimene anakuuzani pa msonkhano. Yabuluu ikukuuzani kuti kumbuyo kwanu kuli galimoto yothamanga kuposa yanu. Ya mizere yachikasu ndi yofiira ikuchenjeza za poterera, monga oyilo kapena mchenga. Yakuda ikuitana inuyo kuti mutuluke mukalankhule ndi oyang'anira, ndipo ya timabokosi takuda ndi toyera ikutseka gawolo. Lembetsani m'gulu la oyamba kumene, ngakhale mwayendetsa galimoto zaka makumi awiri, ndipo ngati pali mlangizi woti akhale pambali panu, mulipireni. Pa ndalama zonse za ulendowu, imeneyo ndi imene idzakupindulireni koposa.

Pa bwalo penipeni, chitani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Malizani kuponda mabuleki galimoto ikadali yowongoka, sinthani giya, kenaka khotani, ndipo onjezerani moto pokhapokha mwayamba kuwongola chiwongolero. Oyamba ambiri amalowa mu kona msanga ndiponso mothamanga, ndiye potuluka amapeza kuti phula lawathera. Lowani mochedwerako ndi mofatsa, mudzatuluka mothamanga. Galimoto yokankhidwa ndi matayala akumbuyo imaponya kumbuyo kunja ngati mwaponda moto mwadzidzidzi pakati pa kona kapena mwauchotsa mwadzidzidzi, ndipo ndi chifukwa chake makina a VSC ndi TRC, amene amathandiza kuti galimoto isazungulire, muyenera kuwasiya oyaka tsiku lonse, makamaka ngati ndi miyezi ya pakati pa Okutobala ndi Malichi pamene mvula ya mabingu imagwa masana ku Gauteng. Ngati matayala awiri atuluka pa phula, musakoke chiwongolero mwamphamvu kuti mubwerere. Chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, yendani mowongoka, ndipo bwererani liwiro litatsika mutaona kuti kumbuyo kulibe wina. Galimoto ikaima pa bwalo khalani momwemo mutamanga lamba mpaka oyang'anira afike, pokhapokha ngati pali moto.

Padzakhala magalimoto amene adzakupitirirani, ena ang'onoang'ono kuposa yanu, oyendetsedwa ndi anthu amene bwalolo ndi kwawo. Apatseni njira pa malo ololedwa, khalani pa mzere wanu osakhotera mwadzidzidzi, ndipo musawathamangitse. Tsikuli si la mpikisano, ndipo nthawi imene mwatenga pozungulira musaiyeze n'komwe. Pamene chopondera mabuleki chayamba kufewa kapena kutalika, singano ya kutentha yasuntha, kapena mwalakwitsa kawiri motsatizana pa kona imene munali kuidutsa bwino, tulukani ngakhale gawo lisanathe. Kulakwitsa kotereku ndi chizindikiro cha kutopa, ndipo kumabwera makamaka masana mutadya, pamene mwayamba kudzimva kuti mwadziwa. Imwani madzi pakati pa magawo, ndipo si mlandu kusiya gawo lomaliza.

Musanatuluke pa gawo lililonse zungulirani kamodzi pang'onopang'ono osaponda mabuleki kwambiri kuti mphepo iziziritse madisiki. Mukaima musakoke handibuleki ndipo musakhale chipondere mabuleki, chifukwa zitsulo zotentha zimamatirira n'kusiya zipsera zimene pambuyo pake zimanjenjemeretsa galimoto. Zimitsani injini itapuma pang'ono, siyani galimoto mu giya pa malo osatsetsereka, ndipo tsegulani boneti. Madzulo, matayala atazizira, bwezeranimo mpweya umene munachotsa, chifukwa tsopano udzakhala wotsika kuposa muyezo wa pa msewu. Mawa lake chotsani matayala a kutsogolo muone mapadi amene atsala, m'mphepete mwa matayala ndi madisiki, yezani oyilo, ndipo ngati chopondera chinafewapo ngakhale kamodzi, mafuta a mabuleki asinthidwenso musanayambe ulendo wopita ku Beitbridge.